Mzere Umene Ndinadumpha

Pali chinthu chimene ndachisunga mumtima zaka pafupifupi makumi awiri osauzako munthu. Bambo a Tamanda sachidziwa, mlongo wanga Yohane sachidziwa, ndipo ngakhale kokalapa, kumene ndanenako zazikulu kuposa ichi, ndimachisiya panja pamodzi ndi matope a kunsapato. Ndinadyetsa amayi anga nyama pa Lachisanu la m'nyengo ya Lenti, ndikudziwa bwino lomwe chimene ndikuchita. Amene si a mpingo wathu mwina museka, ndipo sindikukuletsani. Koma mudziwe kaye kuti amayi sankadziwa kuwerenga, ndipo maso awo ndinali ine.

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndili Sitandade 6. Tinkakhala m'mudzi wina kumunsi kwa nkhalango ya Chongoni, kumene nkhungu imakhoza kugona pamadenga mpaka dzuwa litakwera. Abambo ankacheka matabwa ku Phiri la Dedza, ndipo ankabwera kumapeto kwa mwezi malaya akununkhira paini. Pakhomo tinkatsala atatu: amayi, ine, ndi Yohane amene anali akuphunzira kumene kuyenda. Chilichonse cholembedwa chikafika pakhomopo, kaya kalata ya amalume a ku Joni, kabuku ka Yohane ka kusikelo, kapena malangizo a pathumba la mbewu, amayi ankapukuta manja pachitenje, n'kukhala pamphasa, n'kuitana kuti, "Sesi, bwera ndi maso ako kuno." Ndinkawerenga mokweza, mwadala pang'onopang'ono, kuti ndiziona mmene akugwedezera mutu. Palibe ntchito ya pakhomo imene ndinkaikonda ngati imeneyo.

Amayi anali ndi dimba la kachewere, kabichi, anyezi ndi tomato. Lachisanu lililonse ankasenza dengu kupita nalo ku Linthipe, ndipo sukulu ikakhala yotsekera ine ndinkatsatira pambuyo ndi kadengu kanga. Sitinkakhala pamsika. Katundu wathu anali ndi mwini wake kale, aNambewe, mayi wamkulu thupi ndi mawu omwe, amene anali ndi kalesitilanti m'mbali mwa msewu waukulu. ANambewe anaphikira asisiteri a ku Italiya zaka zambiri pa mishoni ina, ndipo atasiya ntchito anatsegula malo awoawo. Sanali malo apamwamba ayi. Munali matebulo asanu okutidwa ndi pulasitiki wa maluwa, denga la malata, ndi wailesi yongolira mosamveka bwino. Koma zimene ankaphika sizinkapezeka kwina kulikonse pa Linthipe: mpunga wachimwenye wachikasu, chapati, nkhuku ya piripiri ngati ya ku Mozambique, ndi supageti. Madalaivala a malole ankaima dala, aphunzitsi ankabwera akalandira, ndipo mlimi wamba akagulitsa bwino chimanga ankathanso kulowa.

Ife sitinkalowa. Khomo lathu linali lakuseri, pafupi ndi mulu wa nkhuni. Amayi akamatsitsa dengu n'kumakambirana ndi aNambewe za mvula ndi za maliro, ine ndinkasuzumira m'khichini. Ndi pamenepo ndinaona supageti koyamba, akumukhuthulira m'sefa, zingwe zoyera zazitali zikutuluka nthunzi, pambali pake poto wa msuzi wofiira ukununkhira adyo ndi timasamba tina timene sindinkatidziwa. Tsiku lina aNambewe anandigwira ndikumeza mate, anaseka mpaka kutsokomola, n'kunditolera chingwe chimodzi chopanda msuzi. Ndinachidya pang'onopang'ono njira yonse mpaka pa mlatho. Kuyambira tsiku limenelo ndinkaganiza za supageti ngakhale m'tchalitchi.

Amayi anaona. Iwo sankalankhula zambiri, koma ankaona. Tsiku lina pobwerera anati ndikadzakhala nambala wani m'kalasi, tidzalowera khomo lakutsogolo, tidzakhala pampando, ndipo wina adzatithirira madzi m'manja. Ndinawafunsa ngati iwo analowapo m'lesitilanti chibadwire. Anati analowapo kamodzi ku boma, kukafunsa njira.

Teremu yachiwiri ya chaka chimenecho ndinakhaladi nambala wani. Sukulu zimatsekera Lachisanu, ndipo Lachisanu limenelo linagwera mkati mwa Lenti. Kwathu Lenti sinali nkhani yamasewera. Amayi anali a m'gulu la amayi a mpingo, kolona sinkachoka m'khosi mwawo, ndipo Lachisanu la Lenti m'nyumba mwathu simunkamveka ngakhale fungo la mafuta a nkhumba. Ndinatuluka pasukulu ndikuthamanga, lipoti lili m'manja, n'kuwapeza akundidikira pa mphambano dengu lili kale pamutu. Ndinawawerengera lipoti lonse pomwepo, mzere ndi mzere. Ndinkaopa kuti anena kuti tidikire Pasaka. Iwo anangokonza nkhata n'kunena kuti lonjezo ndi lonjezo, tikasankha chopanda nyama basi.

Mvula yowaza inatipeza m'njira. Titafika, aNambewe kunalibe, anali atapita ku maliro kwawo. Katundu analandira mng'ono wawo wina amene sankatidziwa. ANambewe akanakhalapo, bodza langa silikanatha ngakhale mphindi imodzi. Amayi anatsuka mapazi pa mpopi wakuseri, anandipukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje, anavula chitenje chonyowacho n'kumanga china chimene anachibisa pansi pa kabichi. Kenaka tinazungulira nyumba yonse, kudutsa pa matope, kuti tikalowere kutsogolo monga anthu.

Amayi anakhala kunsonga kwa mpando, ngati munthu amene akudikira kuitanidwa kwa dokotala. Mng'ono wa aNambewe uja atabwera ndi beseni ndi jagi, amayi anadzuka kuti amulandire ntchitoyo, ndipo ine ndinawakoka chitenje. Anakhalanso, natambasula manja. Ndimawaonabe manja amenewo, ong'ambikang'ambika ndi madzi ozizira a kudimba, madzi ofunda akutsikira pamenepo, eni ake akuyang'ana kumbali mwamanyazi.

Zakudya zinalembedwa ndi choko pa bolodi, m'Chingerezi. Amayi anandikodola nati, "Werenga bwino, Sesi. Lero ndi Lachisanu."

Panali mizere isanu. Woyamba unali mpunga wachimwenye ndi nyama ya mbuzi. Wachiwiri nkhuku ya piripiri. Wachitatu unali chapati ndi nyemba. Wachinayi unali supageti ndi nyama ya ng'ombe yogaya, ndipo mawu akuti nyama ya ng'ombe ndinawadziwa bwinobwino, tinaphunzira ku Sitandade 4. Wachisanu tchipisi ndi soseji. Ndinawerenga woyamba, amayi anapukusa mutu. Wachiwiri, anapukusanso. Maso anga atafika pa wachitatu, ndinaganiza za nyemba zimene tinadya dzulo lake ndi dzana lake, ndi zimene zinkatidikira kunyumba madzulo. Ndinaganiza za miyezi itatu imene ndinawerenga m'mawa uliwonse kukuzizira. Ndinadumpha mzerewo. Ndinati wotsatira ndi supageti ndi tomato.

Anafunsa ngati mulibe nyama. Ndinati mulibe.

Mbale ziwiri zinabwera, ndipo fungo lija limene ndinkalimva kukhomo lakuseri tsopano linali pansi pa mphuno yanga. Amayi anachita chizindikiro cha mtanda, tinapemphera, kenaka anaweramira mbale n'kuloza timibulu tating'onoting'ono ta bulauni timene tinali mumsuzi. Anafunsa kuti timeneti n'chiyani. Bodza lachiwiri linabwera mosavuta kuposa loyamba, ndipo ndi limeneli limandiopsa mpaka lero. Ndinati ndi soya.

Nkhondo inayamba ndi foloko. Amayi akatola zingwe, zingwe zinkaterereka n'kubwerera m'mbale. Akatolanso, chimodzi chinkawamenya pachibwano. Dalaivala wina wa lole amene anakhala tebulo loyandikana, wolankhula Chichewa cha kumalire, anawasonyeza kuti azizunguliza foloko ngati akupota chingwe. Anayesa, mpukutu unakula ngati chibakera, ndipo anayamba kuseka ataphimba pakamwa.

"Azungu ndi anthu ovutika," anandinong'oneza. "Chakudya chake chothawa, khasu lake la mano anayi."

Ndinaseka mpaka misozi. Ndinali ndisanawaonepo amayi akuseka pagulu chotero.

Kenaka anaika m'kamwa, natafuna. Anatafuna kachiwiri, n'kuima. Mayi wa kumudzi sangalephere kudziwa mafuta a ng'ombe pa lilime, ngakhale mutawabisa mu tomato wochuluka bwanji, koma ine pa msinkhu umenewo ndinkaganiza kuti chimene munthu sangawerenge sangachidziwenso. Anandiyang'ana. Sanakwinye nkhope, sanatukule nsidze, anangondiyang'ana nthawi yokwanira kupuma katatu. Anayang'ana bolodi ija imene kwa iwo inali mizere ya choko chabe. Anayang'ana dalaivala uja ndi mayi woperekera zakudya, ndi lipoti langa limene linali pa tebulo m'kapepala ka pulasitiki. Kenaka anameza, natolanso zina.

Anamaliza mbale yonse. Anati chakudya n'chokoma, anathokoza mayi uja kawiri, ndipo anayamba kusanjikiza mbale kuti akatsuke mpaka anawaletsa. Ine ndinatuluka mimba ili tololo, ndikudziuza kuti sanadziwe.

M'mawa mwake, Loweruka, amayi anabereka Yohane n'kunyamuka kukadali mame. Ku parishi kunali kutali, ulendo wa maola awiri, ndipo kawirikawiri ankadikira kuti ansembe abwere okha ku tchalitchi chathu chaching'ono. Ndinafunsa kumene akupita. Anati kokalapa. Sindinafunse kuti akalapa chiyani. Pasaka itafika abambo anabwera, tinapha tambala, ndipo amayi anagawa nyama monga mwa nthawi zonse. Nthuli yawo anaiika m'mbale mwanga, iwo n'kudyera mpiru. Abambo atadabwa, amayi anati dzino likuwavuta.

Sanandimenye, sanandikalipire, sanauze abambo. Chilango chinabwera mwanjira imene sindinaiyembekezere. Patapita milungu iwiri kalata ya amalume inafika. Ndinasamba m'manja n'kukhala pafupi ndi mphasa, kudikira kuitanidwa. Amayi anaipinda kalatayo, anaiika m'chitenje, n'kupita nayo kwa akazi a akatekisi, kutsidya kwa dambo. Anabwerako akudziwa zonse zimene amalume analemba, n'kundifotokozera ine, ngati kuti wosadziwa kuwerenga ndine. Kabuku ka kusikelo kanapitanso komweko. Thumba la mbewu anakafunsa kwa alangizi. China chilichonse chinali monga kale: ankandiluka tsitsi, ankandisungira mbatata yootcha, ankandifunditsa bulangete lawo kukazizira mu Juni. Koma mawu aja akuti bwera ndi maso ako sanamvekenso pakhomo pathu. Ndinkakhala pakhonde ndi buku la kusukulu n'kumawerenga mokweza kuti andimve, mwina akumbuke kuti ndilipo. Ankadutsa ndi ndowa, n'kunena kuti ndikuwerenga bwino, n'kupitirira.

Ndikanangonena. Mawu ake ndinkawakonza tsiku ndi tsiku popita kukatola nkhuni, koma ndikafika pamaso pawo ndinkayamba nkhani ina. Ndinkadziuza kuti ndikaulula ndiye kuti ndawononga tsiku lija, tsiku limodzi lokhalo limene amayi anathiriridwa madzi m'manja.

Zinatha pafupifupi chaka. Mvula yotsatira Yohane anadwala chifuwa, ndipo amayi anabwera kuchokera kuchipatala ndi kabotolo ka mankhwala. Dambo linali litadzaza, kwa akatekisi kunali kosawolokeka. Anakhala pamphasa mwana ali pamiyendo akupuma mobanika, anatembenuza kabotolo kaja kangapo, kenaka anakatambasulira kwa ine.

"Werenga zimene zalembedwa, Sesi," anatero. "Osati zimene ukufuna."

Ndinawerenga chilembo chilichonse, ndi dzina la mankhwala lomwe limene sindinkatha kulitchula, ndi timalemba tating'ono ta kumunsi. Ndinabwereza kawiri. Amayi anagwedeza mutu monga ankachitira kale, n'kutenga supuni. Za supageti sanatchulepo, ndipo kuyambira tsiku limenelo makalata anabwerera kwa ine.

Lero ndili ndi satifiketi ya ku koleji ya za ulembi, ndipo ndimagwira ntchito pa kashopu kena kotayipa ndi kusindikiza makalata pa boma. Tsiku silipita osabwera agogo kapena bambo wina ndi pepala lopindidwa, kuti ndiwawerengere. Nthawi zina pepalalo limakhala ndi nkhani yoipa, kuti pempho lakanidwa, kuti mwana wachotsedwa sukulu, ndipo mtima umandiuza kuti ndifewetse, ndidumphe mzere umodzi. Sindidumpha. Ndinamvetsa kuti munthu akakupatsa pepala kuti umuwerengere, wakubwereka maso, ndipo alibe njira yodziwira ngati wamupatsa onse. Akatekisi ena anandiuzapo, tikucheza za zina, kuti lamulo la kusala nyama silimanga mwana wa msinkhu umene ndinali nawo, ndiponso kuti wodya mosadziwa sachimwa. Sizinandithandize. Amayi anadziwa pa kutafuna kwachiwiri, ndipo anasankha kumeza kusiyana ndi kunditcha wabodza pamaso pa alendo pa tsiku langa.

Anatisiya zaka zitatu zapitazo. M'miyezi yawo yomaliza chakudya chinkawakana, ndipo masana ena ndinawatengera supageti m'kontena kuchokera ku boma, poganiza kuti mwina chachilendo chilowa. Tinakhala pakhonde padzuwa, atafunda bulangete. Anadya zingwe zitatu kapena zinayi ndi manja, foloko anaikankhira kumbali. Kenaka anandiyang'ana monga anandiyang'anira tsiku lija, koma pakamwa pakuseka pang'ono.

"Soya wa kwa aNambewe uja anali wokoma kuposa uyu," anatero.

Khomo linali limenelo, analitsegula okha. Ndikanati, amayi, sanali soya, ndipo panali chapati ndi nyemba, ndinadumpha. Ndikanati pepani. Ine ndinaseka, n'kunena kuti eee, analidi wokoma. Anagwedeza mutu, natseka maso padzuwapo. Sindidziwa ngati ankadikira kupepesa kwanga, kapena ngati imeneyo inali njira yawo yondiuza kuti nkhaniyo inatha kalekale. Ndimafuna nditawafunsa. Kalesitilanti ka aNambewe kanatsekedwa, pano akugulitsiramo simenti, koma minibasi ikaima pa Linthipe ndimayang'anabe khomo lija lakutsogolo, ndipo ndimalakalaka titalowanso awiri, ndiwawerengere bolodi yonse, mizere isanu, asankhe okha.

Chimene chandipangitsa kulemba zonsezi chachitika mwezi wathawu. Mwana wanga Tamanda ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo wayamba kuwerenga chilichonse chimene waona, zikwangwani, mapaketi a sopo, kumbuyo kwa malole. Pa boma pano pali timalo tingapo totsika mtengo tophika zakunja, ndipo ndinamutengera ku kamodzi mwa timeneti Loweruka masana. Anali atangochira kumene m'mimba, ndipo tisanalowe tinagwirizana kuti tidya chopepuka, mpunga ndi nyemba ngati zilipo. Ndinamupatsa pepala la zakudya kuti andiwerengere, kungoti azolowere. Anaika kachala pa mzere woyamba, nawerenga. Wachiwiri, nawerenga. Pa wachitatu panalembedwa mpunga ndi nyemba. Ndinaona kachala kaja kakuima, kenaka kakukwera m'mwamba pang'ono, n'kukatera pa mzere wachinayi.

"Pitsa," anatero, osandiyang'ana. "Nyemba palibe, amayi."

Iye amadziwa kuti ine ndimawerenga. Mwina anaiwala, mwina ankandiyesa. Ndinamva ngati ndine ndagwidwa. Ndinamuyang'ana nthawi yokwanira kupuma katatu, ndipo ndinamva nkhope ya amayi itakhala pa nkhope yanga. Woperekera zakudya anali ataima pambali ndi kabuku kake. Ndinaitanitsa pitsa. Tamanda anadya mosangalala, tchizi ikutambasuka kuchokera pakamwa mpaka pambale, ndipo anaseka, nanenso ndinaseka, ndipo mpaka lero sindinamuuze kuti ndinaona.

Bambo ake akanakhalapo akanamudzudzula pomwepo, nkhani n'kuthera pa tebulo. Mwina ndiye zoyenera. Kukhala chete kwa amayi kunandiphunzitsa chinthu chimene ndodo sikanandiphunzitsa, koma kunandidyera chaka chathunthu cha kukhala pafupi nawo, ndipo kunandisiya ndi pepani amene ndilibenso kokamupereka. Sindifuna kuti Tamanda adzakhale pakhonde n'kumawerenga mokweza kuti ndimumve. Sindifunanso kuti akule akuganiza kuti mzere ukhoza kudumphidwa popanda woona. Dzulo anabwera ndi kalata ya kusukulu, n'kufunsa ngati andiwerengere. Ndinazengereza kamphindi, ndipo iye anaona kuzengerezako. Kenaka ndinamupatsa malo pamphasa.

Ndiye ndikufunseni inu amene mwalera ana, ndi inu amene munawerengerapo makolo anu makalata. Ndinachita bwino kumeza pitsa uja osanena kanthu? Kapena ndimuitane mawa, ndimuuze za agogo ake ndi bolodi ya pa Linthipe, ayambe wamva kuti mzere wachitatu amayi ake anaudumphapo kale?